Bisiketi zonenepa za chokoleti choyera ndi zonunkhiritsa: kukoma ndi kufewa kwake zimachokera pati?

Nachisale, Leeds

Moni nonse. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mumadziwa bwino za uvuni. Pafupi ndi kumene ndimagwira ntchito kuli kabekale kakang'ono kamene, nyengo yozizira ikayamba, kamaphika bisiketi zazikulu za mtundu wa ku America zimene amazitcha cookie, zokhala ndi tizidutswa ta chokoleti choyera ndi zonunkhiritsa zosiyanasiyana. Bisiketi imodzi imadzaza chikhatho ndipo pakati pake ndi potukuka ndithu. M'mphepete mwake ndi mofiirira ndi mouma bwino moti mumaphwanyika munthu akaluma, koma pakati ndi pofewa, ponyowerera, pomata pang'ono ku mano, ngakhale kuti sipamveka ufa wauwisi ayi.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi kakomedwe kake. Ine chokoleti choyera sindichikonda kwenikweni chifukwa chimatsekemera kwambiri ndipo chimakola msanga, koma m'bisiketi imeneyi sichikola. Choyamba kumveka ndi sinamoni, kenako batala wowauka, kenako kafungo kena kozizira kamene sindikudziwa gwero lake, ndipo pomaliza kuwawa pang'ono kwa jinja kumatsalira kukhosi. Chokoleticho chimasungunuka pa lilime nthawi yomweyo, osasiya mafuta m'kamwa.

Zimene zimatuluka mu uvuni yanga n'zosiyana kotheratu. Zimafalikira n'kukhala zopyapyala, zikazizira zimauma gwaa, zimatsekemera mopitirira, tizidutswa ta chokoleti timakhala tolimba ndipo timamata m'kamwa, ndipo zonunkhiritsa zimamveka nyumba yonse pophika koma pakudya zimakhala ngati mulibe. Kodi kusiyana kumeneku kukuchokera m'zipangizo kapena m'kaphikidwe? Ndithokoza chithandizo chilichonse.

Mbewe, Cape Town

Zikomo Mayi Nachisale. Ine ndagwira ntchito yophika buledi ndi makeke m'mahotela kwa nthawi yaitali, ndipo ndikufuna kuyamba ndi chokoleticho, chifukwa dandaulo lanu lakuti tizidutswa timamata m'kamwa landiuza kale mtundu wa zimene mukugula.

Chokoleti choyera chenicheni chimapangidwa ndi mafuta a koko, shuga, mkaka waufa, ndipo kawirikawiri amawonjezamo vanila. Njere ya koko pafupifupi theka lake ndi mafuta. Akaipera n'kuifinya, mafuta amatuluka padera ndipo chotsala chakuda chija ndicho chimapatsa chokoleti wamba mtundu wake ndi kuwawa kwake. M'chokoleti choyera chakuda chija mulibe, n'chifukwa chake mulibenso chowawa chilichonse choletsa shuga. Lamulo la mayiko a European Union la m'chaka cha 2000, limene Britain inalitsatira ndi malamulo ake a 2003, limanena kuti chinthu chitchedwe chokoleti choyera pokhapokha chili ndi mafuta a koko osachepera 20 peresenti, zouma za mkaka zosachepera 14 peresenti, ndi mafuta a mkaka osachepera 3.5 peresenti. Ku America lamulo lofanana nalo linayamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo iwo anawonjezapo kuti zotsekemeretsa zisapitirire 55 peresenti. Malire amenewo akusonyeza okha kuchuluka kwa shuga amene angalowe m'chokoleti chotere.

Nkhani yaikulu ili pa mafutawo. Mafuta a koko amasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 34, kumene kuli pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu kwa madigiri 37, ndipo amasungunuka onse nthawi imodzi. N'chifukwa chake chokoleti cha kubekale kuja chimatha pa lilime osasiya kanthu. Koma tizidutswa tambiri totchipa timene timagulitsidwa pa shelefu ya zophikira mulibe mafuta a koko ngakhale pang'ono. M'malo mwake amaikamo mafuta olimbitsidwa ochokera ku njere za kanjedza, ndipo ena mwa mafuta amenewa sasungunuka onse m'kamwa, choncho amatsalira ku nkhama ndi kumwamba kwa m'kamwa, n'kuphimba lilime moti zonunkhiritsa sizimvekanso bwino. Werengani kuseri kwa paketi. Ngati mafuta a koko sanatchulidwe pakati pa zinthu zoyambirira, isiyeni. Ine ndimalangiza kugula chokoleti chathunthu chokhala ndi mafuta a koko ofika 28 kapena 30 peresenti n'kuchidula nokha ndi mpeni, chifukwa zidutswa zosafanana kukula zimachititsa kuti pena mukumane ndi chokoleti chambiri, pena pang'ono chabe, ndipo pakamwa sipatopa.

Tsopano za kufewa. Bisiketi yoyambirira ya tizidutswa ta chokoleti, imene Ruth Wakefield anaitchukitsa kunyumba yake ya alendo ya Toll House Inn mumzinda wa Whitman ku Massachusetts, ku America, cha m'ma 1938, inali yaing'ono. Mtundu wonenepa umene mukuufotokozawu unatchuka pambuyo pake, makamaka kudzera ku Levain Bakery ya ku New York, imene inatsegulidwa mu 1995 ndipo bisiketi yake imodzi imalemera magalamu pafupifupi 170. Kukula kumeneko si kokongoletsa chabe. Mtanda waung'ono wa magalamu 30 umapsa mofanana kunja ndi mkati, motero n'kovuta kuti ukhale wouma m'mphepete ndi wofewa pakati. Pamafunika mtanda wa magalamu 100 kapena kuposerapo kuti kutentha kukhale ndi mtunda woyenda usanafike pakati.

Shuga ndiye wachiwiri. Shuga woyera amasungunuka mu uvuni, amafalitsa mtanda, ndipo akazizira amaumanso, n'chifukwa chake amabweretsa kuphwanyika. Shuga wofiirira wofewa ali ndi molasesi, manyuchi akuda otsala popanga shuga, amene amakoka chinyezi n'kuchisunga, ndiponso ali ndi kowawasa pang'ono kamene kamadzutsa soda kuti mtanda utukuke. Pa ufa wa tirigu wa magalamu 300 ine ndimaika batala magalamu 170, shuga wofiirira magalamu 150, shuga woyera magalamu 60, dzira limodzi lathunthu ndi chachikasu cha dzira lina, theka la supuni yaing'ono ya soda, supuni yaing'ono imodzi ya baking powder, ndi chokoleti magalamu 200. Batala akhale weniweni, wa mafuta 80 peresenti kapena kuposerapo. Majarini ofewa a m'zigubu za pulasitiki ali ndi madzi ambiri ndipo ndiwo amafalitsa bisiketi.

Mukakanda, musakande kwambiri ufa ukalowa, chifukwa mudzalimbitsa bisiketi. Umbani mipira yaitali, osaiphwatalala, muiike m'furiji usiku wonse. Batala wozizira amachedwa kusungunuka, choncho kunja kumakhala kutagwira kale mtanda usanayambe kufalikira, ndipo ufa umakhala utamwa madzi a dzira mokwanira. Uvuni itenthe madigiri 190 mpaka 200, muphike mphindi 12 mpaka 14, ndipo mutulutse pamene pakati pakuoneka ngati sipanapse. Zisiyeni pa chitsulo chomwecho mphindi zosachepera khumi ndi zisanu, pakuti zimapitiriza kupsa zili panja. Anthu ambiri amadikira kuti pamwamba ponse pafiire, ndipo apo bisiketi imakhala itauma kale.

NaBanda, Lusaka

A Mbewe afotokoza bwino za chokoleti ndi kufewa, ndipo sindikutsutsa chilichonse, koma ndikuona kuti funso la Mayi Nachisale lokhudza kukola silinayankhidwe lonse. Ngakhale chokoleti choyera chapamwamba chotani chimakhalabe shuga, mkaka ndi mafuta. M'bisiketi ya chokoleti chakuda, kuwawa kwa koko ndiko kumaletsa shuga. M'bisiketi ya chokoleti choyera ntchito imeneyo yatsala yopanda mwini, ndipo oyenera kuigwira ndi zonunkhiritsa, mchere ndi kufiirira kwa mtanda. Wophika akaika zonunkhiritsa ngati zongokongoletsa, bisiketi imakola ndithu.

Mchere ndiwo anthu amauopa kwambiri. Pa muyeso wa ufa umene a Mbewe apereka, supuni yaing'ono yodzaza ya mchere si yambiri, ndipo mungathe kuwazanso timibulu tochepa pamwamba bisiketi zikangotuluka mu uvuni.

Kafungo kozizira kamene mukukamva ndikukhulupirira kuti ndi ka chonunkhiritsa chotchedwa cardamom. Njere zake zili ndi mafuta otchedwa cineole, omwenso amapezeka m'masamba a bulugamu, ndipo mukafikisa tsamba la bulugamu m'manja n'kununkhiza mudzazindikira ubale wake. Fungo limeneli limadula mafuta ndi mkaka m'kamwa, ndipo ine ndimaona kuti palibe chonunkhiritsa china chogwirizana ndi chokoleti choyera kuposa ichi. Koma cardamom wogulidwa wopera kale amataya mphamvu mofulumira kwambiri. Gulani timakoko tobiriwira tija, muchotse njere zakuda za mkati, musinje nokha pa tsiku lophika.

Sinamoni alipo wa mitundu iwiri ikuluikulu. Wa ku Sri Lanka ndi wofatsa, makungwa ake ndi opyapyala ndi ofumbutuka, ndipo amakoma m'tiyi kapena m'phala, koma mu uvuni yotentha, pakati pa batala ndi shuga wambiri, amazimirira. Wina uja wotchedwa cassia, wochokera ku China, Indonesia ndi Vietnam, ndi wolimba ndi woluma pa lilime, ndipo ndiye amene mabekale ambiri a ku America amagwiritsa ntchito. Pa bisiketi imeneyi cassia ndiye woyenera. Jinja nayenso akhale wouma, waufa, osati wauwisi. Jinja akauma, mbali ina ya mankhwala ake otchedwa gingerol imasanduka shogaol amene amawawa kwambiri, ndipo kutentha kumene mumakumva kukhosi mutameza kale kukuchokera pamenepo. Nutmeg mupale pang'ono chabe kuchokera ku njere yathunthu. Ma clove, amene amalimidwa kwambiri ku Indonesia, Madagascar ndi pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, muwasamale kuposa zonse, chifukwa mafuta ake a eugenol amachititsa dzanzi pa lilime, ndipo akachuluka amaphimba chokoleti ndi zina zonse.

Muyeso wanga pa ufa wa magalamu 300 ndi uwu: sinamoni masupuni aang'ono awiri, jinja supuni yaing'ono imodzi, cardamom theka la supuni yaing'ono, nutmeg gawo limodzi la magawo anayi a supuni yaing'ono, ndi ma clove ongotsina ndi zala ziwiri. Kasakanizidwe kameneka kakufanana ndi ka bisiketi za speculaas za ku Netherlands ndi Belgium, kumene ena amawonjezamo tsabola woyera, ndipo katsabola pang'ono sikangaononge kanthu.

Za fungo lodzaza nyumba koma losowa pakudya, chifukwa chake n'chakuti mafuta onunkhira a zinthu zimenezi amauluka akatenthedwa, ndipo fungo limene mukulimva m'khitchini ndi lomwe lathawa m'bisiketi. Mafuta amenewa amasungunuka m'mafuta anzake, osati m'madzi. Choncho m'malo mothira zonunkhiritsa mu ufa wouma, sungunulani gawo la batala pa moto wochepa mpaka tinthu ta mkaka ta pansi pa poto tifiirire n'kutulutsa fungo lowauka, muchotse pa moto, muthiremo zonunkhiritsa zonse batala akadali wofunda, kenako mumusiye alimbenso musanakande. Batala amagwira fungo lija n'kulisunga mpaka lifike pa lilime. Kufiirira kwa mkaka kuja kumachitika pamene shuga akumana ndi mapuloteni pa kutentha, zimene Louis-Camille Maillard wa ku France anazifotokoza mu 1912, ndipo kumabweretsa kakuwawa kakang'ono kamene chokoleti choyera chimakasowa. Kumbukirani kokha kuti batala akawauka amataya madzi ake, choncho mubwezeremo supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri za mkaka kuti mtanda usaume.

Gama, Blantyre

Ndawerenga mayankho onse awiri ndipo ndaphunziramo zambiri. Ndikufuna kuwonjezapo za ife amene tikuphikira kuno kumudzi, ndiponso kusiyana maganizo pang'ono ndi a Mbewe.

Shuga wabulauni amene timagula m'mashopu kuno, wochokera ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi wouma ndi wamibulu ikuluikulu, ndipo sali ngati shuga wofiirira wonyowa uja amene maphikidwe a ku America ndi ku Britain amatanthauza. Mukamugwiritsa ntchito momwe alili, bisiketi imatuluka youma ndipo mibulu ina imamveka ku mano. Chothandiza ndi kusakaniza supuni yaikulu imodzi ya molasesi mu shuga wa magalamu 200 n'kufikisa ndi zala mpaka afanane mtundu. Molasesi akasowa, uchi pang'ono umasunganso chinyezi, kungoti umafiiritsa bisiketi msanga ndipo uvuni iyenera kutsitsidwa pang'ono. Mayi Nachisale, ku Britain kumene muliko vuto limeneli mulibe, chifukwa shuga wofiirira wofewa ndi molasesi wotchedwa black treacle zimapezeka paliponse.

Pa za mafuta a koko, a Mbewe akunena zoona, koma tikumbukire kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala madera ngati Chikwawa, Nsanje ndi Mangochi amatentha kupitirira madigiri 34 aja, ndipo chokoleti chenicheni chimasungunuka chili m'paketi. Amene amaphika zogulitsa m'nyengo imeneyo amasankha tizidutswa ta mafuta a kanjedza osati chifukwa cha umbuli, koma kuti katundu wawo afike kwa ogula ali bwino. Kukoma kumatsika ndithu, koma chifukwa chake n'chomveka.

Chimene sindigwirizana nacho kwenikweni ndi kutulutsa bisiketi pakati pasanapse. Pali kusiyana pakati pa pofewa ndi pauwisi, ndipo mabekale ena, pothamangira kutchuka kwa bisiketi zonenepa, amagulitsa mtanda wongotenthedwa kunja. Ukaudya umamva ufa pa lilime, ndipo zonunkhiritsa zimamveka ngati fumbi. Si nkhani ya kukoma kokha. Dzira limafunika kufika madigiri oposa 70 kuti likhale lotetezeka, ndipo ufa wa tirigu nawonso ndi chinthu chauwisi: mu 2016 ku America anthu anadwala ndi tizilombo ta E. coli tochokera mu ufa, mpaka ufa wambiri unabwezedwa kuchokera m'mashopu. Bisiketi yopsa bwino ukainyema itazizira, pakati pake pamakhala pothinana ndi pakuda pang'ono kuposa m'mphepete, koma sipanyezimira ngati ponyowa ndipo sipamata chala.

Ndipo ndingalangize kuwonjezamo mtedza wa makademiya, umene dziko lathu limalima ku Thyolo, Ntchisi ndi madera ena n'kugulitsa kunja. Ubale wa makademiya ndi chokoleti choyera ndi wakale m'mabekale a ku America. Koma muukazinge kaye mpaka ufiirire, chifukwa wauwisi uli ndi mafuta ambiri ndipo umangowonjezera kukola, pamene wokazinga umapatsa mano chophwanya pakati pa zofewa zonsezo.

Nachisale, Leeds

Ndathokoza kwambiri nonsenu, a Mbewe, Mayi NaBanda ndi a Gama. Ndayang'ana paketi ya tizidutswa timene ndili nato ndipo mafuta a koko sanatchulidwe, kwangolembedwa mafuta a kanjedza. Ndili ndi mafunso ena awiri. Zidutswa za chokoleti zimene zimaonekera pamwamba pa bisiketi za kubekale kuja zimakhala zofiirira ngati tofi ndipo zimakoma kuposa za mkati. Kodi ndi mtundu wina wa chokoleti kapena zimangowauka mu uvuni? Chachiwiri, kodi bisiketi zotere zimasungidwa bwanji kuti m'mphepete musafewe ndiponso pakati pasaume tsiku lotsatira?

Mbewe, Cape Town

Ndiyambe ndi kuvomereza mfundo ya a Gama. Ndikamanena kuti mutulutse pakati pakuoneka ngati sipanapse, ndikutanthauza maonekedwe a pamwamba pokha, ndipo mphindi zozisiya pa chitsulo chotentha zija ndi gawo la kuphika, si zongodikira. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya abaye pakati pa bisiketi ikangotuluka, ndipo pakhale madigiri osachepera 80.

Za zidutswa zofiirira, zonse ziwiri n'zotheka. Chokoleti choyera chili ndi mkaka ndi shuga wambiri, choncho chidutswa chimene chili pamtunda, choyang'anizana ndi kutentha kwa uvuni, chimawauka chokha mwa njira imene Mayi NaBanda afotokoza pa batala. Ngati kufiirirako kuli pamwamba pokha ndipo mkati mwa chidutswa ndi moyera, ndiye kuti ndi uvuni. Ngati chidutswa chonse n'chofiirira mpaka mkati, ndiye kuti anagwiritsa ntchito chokoleti chowaulidwa kale. Kampani ya ku France ya Valrhona inatulutsa mtundu wotere mu 2012 pa dzina lakuti Dulcey, potsatira ntchito ya wophika wawo Frédéric Bau, ndipo makampani ena anatsatira pambuyo pake. Mungathe kuchipanga nokha. Dulani chokoleti choyera chenicheni, muchiyale pa chitsulo chouma bwino, muike mu uvuni ya madigiri 120, ndipo muzichitakasa mphindi khumi zilizonse kwa mphindi 40 mpaka 60. Pakati pa ntchitoyo chimaoneka ngati chaonongeka, chimauma n'kukhala zibulumwa, koma mukapitiriza kuchitikita ndi supuni chimasalalanso. Chisakhudzane ndi dontho la madzi, chifukwa madzi ochepa amachigwiritsa n'kuchilimbitsa. Chikafika mtundu umene mukufuna, thiranimo mchere pang'ono, muchiyale pa pepala lophikira kuti chilimbe, kenako muchidule. Ine ndimasakaniza theka lowaulidwa ndi theka loyera, chifukwa chowaulidwa chokhachokha chimapikisana ndi sinamoni ndipo kukoma kwa mkaka kumatayika. Dziwaninso kuti njira imeneyi siyenda bwino ndi tizidutswa ta mafuta a kanjedza tija.

Pa kasungidwe, chinyezi chimayenda kuchoka pakati ponyowa kupita m'mphepete mouma, ndipo palibe chigubu chimene chingaletse zimenezo kotheratu. Kusiyana kwa m'mphepete ndi pakati kumene mumakukonda kumakhalapo maola ochepa chabe bisiketi itatuluka mu uvuni, n'chifukwa chake mabekale abwino amaphika pang'onopang'ono tsiku lonse. Zonunkhiritsa zokha ndizo zimamveka bwino tsiku lachiwiri. Musaike bisiketi zopsa m'furiji, chifukwa kuzizira kumaumitsa ufa ndi kulimbitsa batala. Zisungeni m'chigubu chotseka bwino kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo pofuna kudya ikani imodzi mu uvuni ya madigiri 160 kwa mphindi zinayi kapena zisanu kuti m'mphepete muumenso ndi chokoleti chifewe. Microwave imafewetsa bisiketi yonse ndipo ikazizira imalimba kuposa poyamba. Njira yabwino koposa ndi kusunga mipira ya mtanda yosaphika mufiriza, kumene imakhala bwino mpaka miyezi iwiri kapena itatu, n'kumaphika chiwerengero chimene mudye tsiku limenelo, kuchokera mufiriza kulowa mu uvuni mwachindunji, mutatsitsa kutentha ndi madigiri 10 ndi kuwonjezera mphindi zitatu pa nthawi yophikira.